Chikwangwani cha pa mlatho wa Tidzakonza

Amene anazula chikwangwani cha Nasibeko pa mlatho wa Tidzakonza ndi Mkuzadzina, Nduna ya Zikwangwani ndi Maonekedwe mu ufumu wa Tionekere. Anazula yekha, ndi manja ake, Lachiwiri masana dzuwa likuswa mtengo, atavala suti ya mabatani asanu ndi atatu. Ndamutchula dzina poyera, ndipo ulemu ndausungira agalu a kumsika, poti iwo sanazulepo kanthu ka munthu.

Mlathowo unagwa ndi mvula ya Febuluwale. Msewu wochokera ku likulu umatsetsereka phiri, n'kukhota kuseri kwa nsungwi, ndipo munthu amazindikira kuti kutsogolo kulibe kanthu matayala ali kale m'malere. Woyamba kuzindikira motero anali Jailosi, mwamuna wa Nasibeko, katswiri wolemba zikwangwani. Anachoka m'mawa pa njinga atamangirira chitini cha penti yofiira kumbuyo. Anakamutola kumunsi, pa mizu ya mkuyu, njinga ili pambali pake. Chitini chinali chopindika mbali imodzi, koma penti sinatayike ngakhale dontho.

Nasibeko sanadikire ndi kumeta komwe. Anatenga lata la pakhola, kulipaka loyera mbee, n'kulemba ndi penti yomweyo: IMANI! MLATHO WAGWA. Zilembo za IMANI zinali zazitali ngati mwana woyamba sukulu. Analiimika pamwamba pa mtsetse, munthu asanafike pokhota, monga mmene malemuwo anamuphunzitsira.

“Chikwangwani si kalata ya chibwenzi,” ankatero Jailosi. “Mawu asapose zala za dzanja limodzi. Chofiira pa choyera. Ukalemba, bwerera m'mbuyo mapazi zana, utsinzine diso limodzi. Ngati munthu wa njinga yopanda buleki sangawerenge asanameze malovu, fafaniza.”

Miyezi isanu ndi iwiri inatha popanda wogwa. Ngakhale ng'ombe za ngolo zikafika pa lata lija zinkaima zokha, ndipo sukulu sizinapiteko.

Tsiku lomwe ndanena lija, galimoto ya Mkuzadzina inatsetsereka phiri lomwelo. Ankapita kukaona ngati dzina la Mfumu pa chimbudzi cha kumsika wa tsidya lina silinasuluke. Dalaivala anaona zofiira, anaponda buleki, galimoto inaima. Munthu wina aliyense akanagwada n'kuthokoza Chauta. Mkuzadzina anatsika ndi tepi yoyezera.

Ku Tionekere kuli lamulo la zilembo. Pa chikwangwani chilichonse, dzina la Mfumu Ndiwoneni Wachiwiri limakhala pamwamba, ndipo palibe chilembo chololedwa kulipitirira msinkhu. Pansi pake pamabwera nduna, iliyonse zilembo zake molingana ndi mpando wake. Nkhani yeniyeni imabwera pomalizira, malo akatsala. Ndiye chifukwa chake alendo ku likulu amakodza m'chipinda cha makalata, n'kukaponya makalata kuchimbudzi.

Anamuitanitsa Nasibeko pomwepo, manja ali penti.

“Mayi, zilembo izi n'zandani?”

“Za aliyense wofuna kukafika kwawo, bwana.”

“Dzina la Mwinidziko lili pati?”

“Mwinidziko sanagwe, bwana. Wagwa ndi mlatho.”

Mkuzadzina anayeza I, anayeza M, thukuta lili kamukamu. Anagwira lata, kugwedeza uku ndi uku, n'kulizula. Analiponya kumbuyo kwa galimoto ngati mbava yogwidwa ndi nkhuku.

Akanamutsekera m'ndende mayiyo, koma panali vuto. Mu ufumu wonse, makina aakulu osindikiza zinsalu anali kwa Nasibeko yekha. Jailosi anawasiya m'shedi kuseri kwa nyumba, aatali ngati ngolo ziwiri zolumikiza, ndipo ankalavula chinsalu chotambalala ngati denga la tchalitchi. Mukamanga mayiyo, nkhope ya Mfumu asindikiza ndani? Choncho anamuitanira ku bwalo la nduna, kuti boma limulangize kalembedwe ka chenjezo lovomerezeka.

Pabwalopo Mfumu inakhala pampando wake, kutsogolo kwake kuli galasi lomangirira pa ndodo, kuti pomvera milandu izionanso munthu wanzeru. Nduna makumi awiri ndi zitatu zinakhala m'mizere. Nasibeko anagwada pakati, mpango wakuda uli kumutu.

Dziwani kuti ku Tionekere mawu oipa salowa m'khutu la Mfumu. Njala amaitcha kusala kudya kwa fuko lonse. Kolera amaitcha kutsuka m'mimba. Tsono Nasibeko atangotsegula pakamwa kuti, “Mlatho uja wa…”, a Chamawa, Nduna ya Milatho, anatsokomola mwamphamvu mpaka mano oikirira anagwera pa mkeka.

“Mlatho uja ukupumula,” anatero atawabwezera m'kamwa. “Wagwira ntchito zaka makumi anayi osapita ku tchuthi. Kodi inu simupuma?”

Nduna zonse zinaomba m'manja.

“Upumule, bwana,” anatero Nasibeko. “Koma anthu aziima. Mawu atatu okha, ofiira pa choyera. Ndikhoza kusindikiza lero lomwe.”

“Atatu!” Mkuzadzina anaseka mpaka batani limodzi linathothoka. “Mayi, mutu umodzi susenza denga. Lembani.”

Nasibeko analemba. Pamwamba: Mfumu Ndiwoneni Wachiwiri, Dzuwa Losalowa, Mkango wa Mikango, Mlimi Woyamba, Mzamba Wamkulu wa Fuko, Mwini Mitambo ndi Zonse Zogwa M'menemo. Pansi pake Mkuzadzina. Pansi pake a Chamawa, amene analimbana ola lathunthu kuti zilembo zawo zichepe ndi chikhadabo chimodzi chokha poyerekeza ndi za Mkuzadzina, osati ziwiri. Nduna ya Nyengo inafuna dzina la mkazi wake wachiwiri, poti wamkulu analembedwa kale pa chikwangwani cha chigayo ndipo kunyumba kulibe mtendere. Nduna ya Maphunziro inapereka dzina lake ndi zilembo khumi ndi zinayi za madigiri, ina mwa iwo ya ulimi wa bowa. Nduna ya Ukhondo inafuna vesi.

“Nanga mtundu?” anafunsa Nasibeko, dzanja litatopa.

“Amayi a Fuko amakonda chikasu,” anatero Mkuzadzina. “Chinsalu chikhale chachikasu.”

“Zilembo zikhale zakuda tsono.”

“Zakuda n'zamaliro. Zikhale za golide.”

“Bwana, golide pa chikasu ndi dzira pa dzungu. Munthu aziwerenga ndi lilime?”

Mkuzadzina anali atatulutsa kale foni. M'menemo munali chithunzi cha Mfumu chimene anajambula yekha pa ukwati wina, ali kumbuyo kwenikweni kwa tchalitchi, n'kuchidula kuti mkwati asaoneke. Chinatsala kachidutswa ngati njere ya dzungu.

“Ichi chidzaze theka la chinsalu.”

“N'chaching'ono, bwana. Chithunzi chili ngati mtanda wa mandasi: mukaukoka kwambiri umang'ambika. Mukachikuza chotere, nkhope isanduka njerwa zokhazokha. Munthu azichiona bwino ali kutali kwambiri.”

“Mwamva?” Mkuzadzina anatembenukira anzake. “Akuti Mwinidziko sangakule.”

“Akule, bwana, akule,” anatero Nasibeko. “Koma chimodzi chokha ndipempheko. Chinsalu chachikulu chotere chimafuna timabowo ta mphepo. Timadula pang'ono apa ndi apo ngati kamwezi, mphepo izidutsa. Popanda apo chimafufuma n'kuzula mitengo.”

Bwalo linaphulika.

“Kuboola Mfumu!”

“Ndi mpeni!”

“Pa tsaya!”

Nduna ya Chitetezo inakomoka, anaikupiza ndi pepala la vesi lija. Mfumu inachotsa maso pagalasi kwa nthawi yoyamba.

“Akunena za ine?”

“Za kukongola kwanu, Mwinidziko.”

“Pitirizani,” inatero, n'kubwerera pagalasi.

Anagwirizana kuti chinsalu sichibooledwa, ndipo Nduna ya Nyengo ilembera mphepo kalata. Chenjezo analiika pansi penipeni, kudzanja lamanzere, pambuyo pa dzina la wophika tiyi wa nduna: mlatho ukupumula pang'ono, pepani. Zilembo zake zinali ngati nyerere zopita ku maliro.

Ntchitoyo inatenga masabata atatu, poti tsiku lililonse kunkabwera mthenga ndi dzina lina loiwalika. Masabata atatu amenewo pamtsetse panalibe kanthu. Mwayi wake, mtsinje unali utauma, anthu ankagwera pamchenga. Anagwa wogulitsa mazira. Anagwa mlaliki wa chimkuzamawu, ndipo anapitiriza kulalika ali chagada pansipo, mwendo utathyoka. Inagwa ngolo ya kabichi, mbuzi za tsidya lino zinadya Khirisimasi mu Okutobala.

Kumsika wa Tazolowera, umene uli pamwamba pa phirilo, nkhani inali yomweyo. Nasibeko anapita kukagula tomato kwa Abiti Jafali, mnzake wa pa mtondo, mayi wamkulu thupi ndi pakamwa pomwe, amenenso ankatsogolera gulu la amayi ovinira Mfumu.

“Achemwali, ndamva mukutilembera buku,” anatero Abiti. “Tiziwerenga ndi tiyi?”

“Mubwere ndi mpando ndi magalasi.”

“Ine ndinauza amuna anga kuti akafika pa dzina la Nduna ya Ukhondo azitsanzika. Pofika pa wophika tiyi amakhala ali kale kwa Mulungu.”

“Komatu mlatho ukupumula,” anatero wogulitsa makala pambali. “Nafenso tikagwa timapumula. Boma lachita chilungamo.”

Anthu anaseka, koma onse ankayang'ana kumapiri. Mitambo inali itayamba kuda. Mvula ikagwa kumeneko, pansi paja sipakhalanso mchenga.

Chinsalu chitatha, anabwera kudzachitenga ndi Sikelo, dalaivala wa Mfumu. Sikeloyu anali mng'ono wake wa Jailosi, mwana yekhayo amene anatsala kwa apongozi ake a Nasibeko, nkhalamba yosaona imene inkazindikira ana ake powagwira makutu. Anafika ali wakuda nkhope ngati mitambo ija.

“Alamu,” anatero, “Loweruka ndikubwera ndi Mwinidziko kudzadula riboni.”

“Ndiye mudzaima pamwamba pa mtsetse, alamu. Mukudziwa chimene chili kuseri kwa nsungwi.”

“Ndikudziwa. Ndinanyamula nawo achimwene. Koma akadzati pita?”

“Mudzawauze kuti kulibe mlatho.”

“Ndi pakamwa pati? Dalaivala wa Mfumu sayankhula, ndipo saponda buleki pokhapokha Mwinidziko atanena, kapena chikwangwani chitalamula. Amene analipo ine ndisanalowe anaimira ng'ombe pamsewu. Mpaka lero akuweta ng'ombe yomweyo, amagona nayo khola limodzi. Wina anaimira maliro, anamusiya kumanda komweko, ndiye akukumba.”

“Bola kukumba kusiyana ndi kukumbiridwa.”

“Mukutero inu. Asilikali amakhala kumbuyo kwanga ndi mfuti, alamu. Mwendo ukangopita pa buleki popanda chikwangwani, sindifika ndi kukhola komwe.”

Anatambasula kona ya chinsalu, anayang'ana nyerere zija, n'kuseka kuseka kopanda mano.

“Apa ndiye ndiimire apa?”

Atapita, Nasibeko anakhala pa mpando wa Jailosi m'shedi muja. Anaganiza za apongozi ake akupapasa makutu a mtembo wachiwiri. Maso ake anagwera pa chitini chopindika chija pa shelefu, ndi pa zidutswa zoyera za chinsalu zimene zinatsala pansi. Ananyamuka, n'kubwerera kumsika.

“Abiti, m'gulu lanu lovina, ndani ali ndi mbuyo zotambalala kuposa onse?”

“Mwayamba liti kufunsira, achemwali?”

“Ndikufuna asanu. Inuyo ndakuwerengani kale.”

Lachinayi mvula inagwa kumapiri. Loweruka m'mawa Tidzakonza anali atadzaza mpaka m'milomo, wofiira ngati thobwa la mawere, akukokolola mitengo ndi mbuzi zomwe zinadya kabichi zija.

Chinsalu anachimanga pa mitengo iwiri ya bulugama pamalo pomwe panali lata. Kukula kwake, mbalame zinkachizungulira. Zingwe zinayi zinkalendewera m'makona, ndipo kugwira chingwe unali ulemu waukulu. Mkuzadzina anatenga cha kudzanja lamanja, n'kuchimangirira pamkono mfundo zitatu, kuopa kuti a Chamawa angamulande Mfumu ikuona. Amayi ovina anawaika kumunsi, pokhota paja, kuti fumbi lawo lisadetse masuti. Onse anavala zitenje za nkhope ya Mfumu, monga mwa nthawi zonse.

Anthu a kumsika anaima n'kumayang'ana m'mwamba, manja pachipumi.

“Ndi uvuni wa njerwa,” anatero wamakala.

“Ayi, ndi mapu a minda.”

“Pakatipo pali ngati mphuno.”

“Ndi chulu chimenecho.”

Zilembo za golide pa chikasu zinkangonyezimira padzuwa. Mphunzitsi wina anawerenga mpaka pa Mzamba Wamkulu, misozi inatuluka, anamutsogolera kumthunzi.

Galimoto ya Mfumu inafika, Sikelo ali pa chiwongolero, asilikali awiri kumbuyo kwake. Ng'oma zinalira. Nduna zinayankhula maola awiri. Riboni inadulidwa. Mfumu inatulutsa mutu pawindo, inayang'ana m'mwamba, inayang'ana pagalasi lake, inayang'ananso m'mwamba.

“Mkuzadzina, khoma ili ndi la chiyani?”

“Ndi inuyo, Mwinidziko.”

“Ine ndili ndi makona?”

Mkuzadzina anakumbukira mawu a mayi uja kubwalo, n'kuwatola ngati ake.

“Ndi luso lamakono, Mwinidziko. Nkhope yaikulu ngati yanu simaoneka pafupi. Imafuna munthu ali kutali kwambiri.”

Mfumu inaponya maso patsogolo, pamwamba pa nsungwi, n'kuona kaphiri ka tsidya lina.

“Ndikadzionere pa kaphiri ako. Sikelo, woloka. Fulumira, dzuwa lisanasunthe.”

Nduna makumi awiri ndi zitatu zinamva. Zonse zinkadziwa chimene chili kuseri kwa nsungwi. A Chamawa anayamba kumanga chingwe cha nsapato imene inalibe chingwe. Nduna ya Chitetezo inakomokanso, ulendo uno mwadala. Mkuzadzina anatsegula pakamwa, anayang'ana asilikali, anatseka.

Sikelo analiza injini. Anayang'ana chinsalu komaliza, mwina nyerere zija zakula. Galimoto inayamba kutsetsereka, ikuthamangira pokhota.

Nasibeko anali ataima pa chulu, mapazi zana kuchokera pa amayi ovina. Anavula mpango wakuda uja n'kuukweza m'mwamba.

“Atsikana!” anakuwa Abiti Jafali. “Tembenukani!”

Amayi asanu anatuluka m'gulu n'kudzaza msewu. Anamasula zitenje za nkhope ya Mfumu, ndipo sanazitaye pansi, anazifunda kumutu mwaulemu wonse. M'kati anali atamanga zinsalu zoyera mbee. Anafulatira galimoto.

“Iwe Nachuma, malo ako ndi pakati! Mai a Dalitso, sunthirani uko, mwandiponda! Weramani!”

Anawerama onse pamodzi. Pa mbuyo iliyonse panali chilembo chimodzi chofiira psuu, chachitali kuyambira m'chiuno mpaka kumawondo. Abiti Jafali ananyamula M, poti ndiye chilembo chofuna malo.

IMANI.

Nasibeko anatsinzina diso limodzi. Chinkawerengeka.

Tswiii! Matayala anakwekwereza miyala, fumbi linati kobo. Asilikali anagundana mitu, galasi la Mfumu linathyoka ndodo. Galimoto inaima mphuno yake itatsala chikhatho chimodzi kuti ipsompsone M.

“Wandiotcha ndi injini, mwana wa apongozi a mnzanga!” anakuwa Abiti, osadzuka. “Wagwetsa mlatho ndine?”

Msilikali anaika mfuti pakhosi pa Sikelo. Sikelo sanayankhule, poti saloledwa. Anangoloza kutsogolo ndi chala. Msilikali anawerenga, anayang'ana mnzake, anatsitsa mfuti.

Nthawi yomweyo mphepo imene inalemberedwa kalata inafika ndi yankho. Inatsika kumapiri ndi fungo la mvula, inakankha madengu a kumsika, inagunda chinsalu chopanda bowo ngakhale limodzi. Chinsalu chinafufuma ngati mimba ya nduna pa phwando. Bulugama woyamba analira, wachiwiri anavomera. Nduna zitatu zinataya zingwe n'kugwa chagada. Wachinayi anali ndi mfundo zitatu.

Anthu a ku Tazolowera adzafotokozera zidzukulu zawo mmene Nduna ya Zikwangwani inadutsira pamwamba pa nsungwi, miyendo ikupalasa njinga yosaoneka, nsapato imodzi ikugwera mu dengu la usipa, mabatani akugwa ngati matalala.

“Moni kumwambako, bwana!” anakuwa wamakala. “Mwaona dzina lanu? Lili pafupi tsopano!”

Chubwi!

Mfumu inatsika m'galimoto, inazungulira amayi aja, inayenda mapazi khumi, n'kuima pamene msewu umathera. Kumunsi, kutali, chinsalu chachikasu chinkayandama chitatambasuka pamadzi, kanthu kakuda kakuphiriphitha pakona pake. Mfumu inayang'anitsitsa. Njerwa zija zinali zitalumikizana. Maso analipo, mphuno inalipo.

“Eee,” inatero mokondwa. “Patali ndine wokongoladi.”

Kenako inayang'ana pansi pa mapazi ake.

“Chamawa, mlatho wanga uli kuti?”

“Ukupumula, Mwinidziko.”

Mfumu inaganiza pang'ono, n'kutsitsa mawu.

“Ndiye musaudzutse.”

Mkuzadzina anakamuvuula kumunsi, atakakamira mizu ya mkuyu womwe uja anatolapo Jailosi. Anasanza madzi ndi kachule kamodzi. Tepi yoyezera inali ikadali m'thumba.

Madzulo a tsikulo Sikelo anapita kwa amake. Nkhalamba inamugwira makutu onse awiri, inawakoka, inawakokanso, mpaka mwana analira ngati wakhanda. Nasibeko anaima pakhomo, chitini chopanda kanthu chili m'manja.

Bwalo linakhala Lolemba. Mlandu woyamba unali wa Sikelo: anaimiranji? Anapezeka wosalakwa, poti chikwangwani chinalamula. Anthu anayamba nthungululu, koma Mkuzadzina anaimirira, khosi litakulungidwa ndi thaulo, akuyetsemula.

“Ngati dalaivala alibe mlandu, ndiye kuti amayi asanu aja ndi chikwangwani. Bwalo likuvomereza?”

Linavomereza.

“Chikwangwani sichichoka pamalo pake. Chikwangwani sichipita kumsika. Ndipo chikwangwani chimamvera lamulo la zilembo.”

Tsono lero mukapita pa Tidzakonza muwapeza. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, amayi asanu ali pamsewu, akamva galimoto kapena belu la njinga amawerama. Tomato wa Abiti Jafali akugulitsa ndi amuna awo, amene sadziwa kusiyanitsa wakupsa ndi wowola. Nachuma ali ndi pakati, chilembo chake chayamba kupendekeka. Chiyambire palibe wagwa, ngakhale mmodzi. M'mawa uliwonse Nasibeko amakwera pa chulu, kutsinzina diso limodzi, n'kukuwa kuti, “Mai a Dalitso, mwatalikira!”

Mkuzadzina boma linamuwonjezera mpando chifukwa cha kulimba mtima m'madzi. Wawerenga zilembo za maina onse, kuyambira Dzuwa Losalowa mpaka wophika tiyi, wapeza kuti pakufunika amayi ena mazana asanu ndi limodzi, ndipo a dzina la Mfumu akhale otambalala kuposa Abiti Jafali. Akuyenda mudzi ndi mudzi ndi tepi yake. Pofika dzulo anali atalandira makofi khumi ndi limodzi ndi chipande chimodzi pamphumi, ndipo mayi wopitirira Abiti sanamupezebe. A Chamawa apempha kuti pamlatho pasamakhale phokoso.

Inenso amene ndalemba izi ndinaika mwamuna m'manda, ndipo sukulu ndinalekezera sitandade 5. Mwina ndiye chifukwa chake mutu wanga sukugwira. Inu owerenga, amene munakhala pa desiki mpaka ndevu, ndithandizeni. Pakati pa kudzutsa mlatho umodzi ndi kuweramitsa amayi mazana asanu ndi limodzi, chapafupi n'chiti? Ndipo pa anthu onse ndatchula muno, woyenera kuwerama pamsewu paja, dzuwa likumuotcha kumbuyo, ndani? Musandiuze kuti tidzakonza, mtsinje uja unatchedwa kale dzina limenelo. Ndiyankheni lero, zilembo zikhale zazikulu, ndipo mawu asapose zala za dzanja limodzi.